Msewu wa pakhomo pa shopu: amaukonza ndani mu Harare, ndipo ndi ndalama za yani?

Aliyense amene amagulitsa kapena kupikula katundu kumunsi kwa tauni ya Harare, m'misewu ya Chinhoyi, Mbuya Nehanda, Cameron ndi Leopold Takawira, amaudziwa mwezi wa Januwale. Mvula ikagwa kwa ola limodzi, ngalande zimasefukira, maenje amabisala pansi pa madzi akuda, ndipo wokankha ngolo ya katundu amachita kufufuza njira ndi phazi. Mvula ikakata, lole imabwera ndi anthu angapo, amathira zigamba n'kumapita. Dzinja lotsatira dzenje limatsegukanso pamalo pomwepo.

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa timadyera m'misewu imeneyi. Ena ali ndi timashopu, ena amasoka, ena amayendetsa makombi, ena amalondera usiku. Dandaulo lathu ndi limodzi: laisensi ya galimoto timalipira, pa tologeti timalipira, poimika galimoto timalipira, ndipo mwini nyumba amatiwerengera msonkho wa khonsolo pa lendi. Nanga ndalamazo zimalowera kuti? Zimalowa m'matumba osiyanasiyana, aliyense ndi mwini wake, ndipo palibe thumba limene limakakamizidwa kubwezera ndalamazo pa msewu umene zachokera. Vuto lagona pamenepo, koma kuti limveke bwino tiyenera kuyamba ndi msewu weniweniwo.

Phula ndi khungu chabe

Chimene timachiona pamwamba, chakudacho, n'chopyapyala, masentimita ochepa okha. Mphamvu ya msewu ili pansi: dothi lotsenderedwa bwino, pamwamba pake miyala yosakaniza ndi dothi, kenako miyala yophwanya ya ku kwale. Ntchito yaikulu ya phula ndi kutchinga madzi kuti asalowe m'miyalamo. Likakalamba limauma n'kung'aluka, madzi amalowa m'ming'aluyo, pansi pamafewa, ndipo tayala lililonse lodutsa limapopa matopewo mpaka dzenje litabadwa.

N'chifukwa chake akatswiri a misewu amasiyanitsa ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuthira zigamba. Yachiwiri ndi kumata phula latsopano pamwamba pa msewu umene pansi pake padakali polimba, zimene zimayenera kuchitika pakapita zaka zingapo, ming'alu isanakule. Yachitatu ndi kumanganso: kukumba zonse mpaka kufika pa dothi, kukonza ngalande, n'kuyalanso kuyambira pansi. Msewu wa phula nthawi zambiri amaukonzera kuti ukhale zaka pafupifupi 20, ndipo misewu yambiri ya pakati pa Harare inadutsa kalekale msinkhu umenewo osamatidwanso pa nthawi yake. Pa msewu wotero, chigamba chili ngati kusoka nsalu yatsopano pa malaya ovunda: chigambacho chimagwira, koma m'mbali mwake mumang'ambika.

Misewu ya malo a malonda imavutika kuposa ya m'malokeshoni pa zifukwa zomveka. Malole odzaza zakudya ndi zakumwa amaima ndi kukhota pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo kulemera sikuwononga msewu molingana: akatswiri amawerengera kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye kuti lole imodzi yodzaza mopyola muyezo imadya msewu kuposa magalimoto aang'ono zikwizikwi. Pamalo okwerera makombi monga Copacabana ndi Market Square pali vuto lina: dizilo ndi oyilo zodontha zimasungunula phula. Pamalo otero konkire kapena njerwa za simenti zimakhalitsa, koma mtengo wake woyambira ndi wokwera.

Kenako pali madzi. Pamene mzinda uno unkayamba mu 1890, pakati pa phiri la Kopje ndi mbali ya Causeway panali dambo, ndipo msewu umene lero ndi Julius Nyerere Way unamangidwa m'dambomo. Madzi sanaiwale njira yawo. Ngalande za pansi zikatsekeka ndi mapulasitiki ndi mchenga, kapena zitsulo zovundikira zikabedwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale, madziwo amayenda pamwamba pa msewu.

Za pansi pa nthaka

Pansi pa msewu wa m'tauni pali mapaipi a madzi akumwa, mapaipi a suweji, ngalande za madzi a mvula, mawaya a magetsi a kampani yogawa magetsi ya ZETDC, ndi mawaya a mafoni ndi intaneti a makampani angapo. Mapaipi ambiri a madzi ndi akale ndipo amaphulika kawirikawiri. Paipi ikaphulika pansi pa msewu watsopano, palibe kuchitira mwina koma kukumba, ndipo pokwirira sipalimba ngati poyamba.

Apa ndi pamene kukonzekera kwabwino kumasiyanirana ndi kongoonetsa. Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuyeza malo, kuwerenga magalimoto odutsa ndi kulemera kwake, kukumba timaenje toyesera dothi, ndi kufufuza pamene pali paipi ndi waya uliwonse. Mapu akale saonetsa zonse, ndiye zina amazipeza ndi khasu. Zikatero pamalembedwa pulani ndi mndandanda wa zonse zofunika ndi mitengo yake. Ndondomeko yoyenera ndi yakuti mapaipi asinthidwe kaye, eni mawaya asunthe mawaya awo n'kuikiratu mipope ina yopanda kanthu ya mtsogolo, ngalande zikonzedwe, phula libwere pomaliza. Koma ndalama za mapaipi zili ku nthambi ya madzi, za msewu zili ku nthambi ya misewu, za mawaya zili kwa eni ake, ndipo sizipezeka chaka chimodzi. Wandale amene akufuna kudula riboni amasankha phula, chifukwa paipi yokwiriridwa sioneka pa chithunzi.

Pamwamba pa zonsezi payenera kukhala pulani ya mzinda wonse yonena kuti makombi adzaima kuti, malole adzatsitsira kuti katundu, oyenda pansi ndi mavenda adzakhala pati. Harare yakhala zaka zambiri ikudalira pulani yaikulu ya mu 1993, yolembedwa nthawi imene nyumba za m'tauni zinali ndi sitolo imodzi imodzi, osati timashopu makumimakumi tomwe tilimo lero. Ntchito yolemba pulani yatsopano yachita kuyambika zaka zaposachedwapa.

Mwini msewu ndani?

Lamulo la misewu la dziko la Zimbabwe limagawa misewu kwa eni angapo. Misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda ili m'manja mwa nthambi ya misewu ya unduna wa zamtengatenga. Misewu ya m'kati mwa mzinda ndi ya khonsolo, imene likulu lake ndi Town House. Kumidzi kuli makhonsolo a kumeneko ndi bungwe la boma loona za chitukuko cha kumidzi. ZINARA, imene ambiri timaiimba mlandu, simanga msewu. Ntchito yake ndi kutolera ndalama ndi kuzigawa kwa eni misewuwo. Amene akuwerenga ali ku Malawi aiyerekeze ndi Roads Fund Administration, imene imatolera pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke pamene yomanga ili Roads Authority.

Kugawa kumeneku kumasokonekera boma likalowerera. Mu 2017 boma linalengeza kuti misewu ya Harare yafika pa ngozi, ndipo mu February 2021 linalengezanso chimodzimodzi pa misewu ya dziko lonse, n'kuyambitsa ndondomeko yokonza misewu mwachangu yotchedwa ERRP2. Pansi pa ndondomekoyi unduna unatenga misewu ina ya mumzinda, monga Seke Road, n'kuipereka kwa makontirakitala. Msonkhano wa atsogoleri a SADC wa mu August 2024 usanachitike, misewu yolowera ku nyumba yatsopano ya malamulo ku Mt Hampden inakonzedwa mwaliwiro lodabwitsa. Mu 2025 anatsegula Trabablas Interchange pamene panali raundabauti ya Mbudzi. Zonsezi zikuonetsa kuti ndalama ndi makina zimapezeka boma likafuna. Zikuonetsanso kuti chimene chimasankhidwa ndi msewu wodutsa alendo ndi malole a mtunda wautali. Kamsewu kodzaza mashopu a golosale sikakhala pa mndandanda wotero.

Ndale sitingazilambalale. Kwa zaka zoposa 20, kupatula nthawi imene mzinda unkayendetsedwa ndi komishoni yosankhidwa ndi boma, makhansala ambiri a Harare akhala a zipani zotsutsa pamene pulezidenti ndi nduna ya maboma aang'ono ali a ZANU-PF. Msewu woipa ndi umboni wa mbali iliyonse kuti inzake yalephera.

Matumba a ndalama

Thumba loyamba ndi la khonsolo yokha: msonkho wa malo ndi nyumba, ziphaso za mashopu, ndi zolipira zina. Msonkho wa nyumba umawerengedwa potengera mtengo wa nyumbayo m'kaundula wa khonsolo, choncho nyumba za m'tauni zimayenera kupereka zambiri. Koma kulemba bilu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Mu July 2013, chisankho chili pafupi, nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo, Ignatius Chombo, inalamula makhonsolo kufufuta ngongole zonse zimene anthu okhala m'mizinda anali nazo kuyambira February 2009 mpaka June 2013. Amene ankalipira mokhulupirika anadziona opusa, ndipo ambiri anaphunzira kudikira kufufuta kwina. Ndalama zochepa zimene zimalowa zimayamba zapita ku malipiro a antchito, mankhwala oyeretsera madzi a ku Lake Chivero, magetsi ndi mafuta. Msewu umadikira, chifukwa kuusiya chaka chimodzi sikupha munthu tsiku lomwelo monga amachitira madzi oipa. Khonsoloyo nayo siyoyera: mu 2024 pulezidenti anakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi jaji wopuma Maphios Cheda kuti ifufuze kayendetsedwe ka mzinda, ndipo zimene zinamveka kumeneko za mabuku a ndalama sizinalimbikitse aliyense kulipira bilu.

Thumba lachiwiri ndi la ZINARA, ndipo apa ndi pamene pali mkangano wakale. Poyamba makhonsolo ankatolera okha ndalama za laisensi ya galimoto. Kenako ntchitoyo inapita ku ZINARA, imene imasonkhanitsa za dziko lonse pamodzi ndi za matologeti, amene anayamba mu 2009, n'kumagawa. Khonsolo ya Harare, kuphatikizapo meya Jacob Mafume, yakhala ikunena kuti magalimoto ambiri a dziko lino ali mu Harare koma zimene mzinda umabwezeredwa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene oyendetsa ake amapereka. ZINARA imayankha kuti makhonsolo amachedwa kupereka malipoti a mmene agwiritsira ntchito ndalama zoyamba, ndipo popanda malipotiwo chigawo chotsatira sichituluka. Kwa ine mbali zonse zili ndi pogwira. Kugawira madera osauka n'koyenera, pakuti tomato wogulitsidwa ku Mbare Musika amadutsa misewu ya ku Mutoko ndi Murehwa. Koma ndalama zobwera pang'onopang'ono, mochedwa, mvula itayamba kale, zimangokwanira zigamba. Kumanganso msewu kumafuna ndalama zambiri zodziwikiratu tsiku lobwera.

Thumba lachitatu lili m'malamulo aakulu a dziko a mu 2013. Gawo 301 limati ndalama zosachepera 5 peresenti za zimene boma latolera pa chaka zipite ku zigawo ndi makhonsolo. Papepala ndi ndalama zambiri. Koma zimene zalembedwa mu bajeti ya dziko ndi zimene zimafikadi ku khonsolo zakhala zikusiyana, ndipo zikafika zimalimbiranidwa ndi madzi, zipatala ndi sukulu.

Thumba lachinayi ndi limene limakhudza tauni mwachindunji: ndalama zoimikira galimoto, zimene imatolera City Parking, kampani ya khonsolo. Izi ndiye ndalama zobadwira pa msewu weniweniwo, ola ndi ola. Mizinda ina ya kunja imapatula gawo la ndalama zotere kuti likonze misewu ndi tinjira ta oyenda pansi ta dera lomwelo, ndipo oimika galimoto amaona ndi maso kumene dola yawo yapita. Ndikanafunsidwa poyambira, ndikanaloza pamenepa.

Ngongole ndi ndalama yosakhazikika

M'maiko ambiri msewu wa zaka 20 amaumanga ndi ngongole yobweza kwa zaka zambiri, kuti onse odzaugwiritsa ntchito athandizane kulipira. Harare nayo kale inkabwereka motero kwa mabungwe a penshoni ndi a inshulansi. Kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunafufuta ndalama za obwereketsawo, ndipo chikhulupiriro sichinabwerere. Lamulo la makhonsolo a m'mizinda limafunanso chilolezo cha nduna khonsolo isanabwereke. Mabanki aakulu a chitukuko monga World Bank sapereka ngongole zatsopano chifukwa dziko lili ndi ngongole zakale zosabweza. Msewu wa Plumtree mpaka Mutare unatheka ndi ngongole ya banki ya DBSA ya ku South Africa chifukwa matologeti ake ankabweza. Pa Chinhoyi Street simungaike tologeti.

Onjezani nkhani ya ndalama yogwiritsa ntchito. Kuyambira 2009 taona dola ya America, ma bond note mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndi ZiG mu April 2024, imene inagwetsedwa mphamvu ndi 40 peresenti n'kupyola mu September chaka chomwecho. Phula limachokera kunja, dizilo ndi zipangizo za makina chimodzimodzi, zonse zogula ndi dola ya America. Kontirakitala amene akudziwa kuti adzalipidwa mochedwa, mwinanso mu ndalama imene yatha mphamvu, amakweza mtengo pa tenda kuti adziteteze. Akapanda kulipidwa amachotsa makina, n'kusiya msewu wokumbidwa, umene ndi woipa kuposa wa maenje uja.

Tenda ya ntchito ya boma imayendera malamulo a mu 2017 amene amayang'aniridwa ndi PRAZ, bungwe loona za kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Amatenga nthawi: kulengeza, kulandira mitengo, kuunika, kumva madandaulo a olephera. Ntchito ya phula imafuna nyengo youma, kuyambira April mpaka October. Bajeti ikachedwa kuvomerezedwa ndi nduna, tenda ikatuluka mu July, kontirakitala amafika pamalo mitambo itayamba kusonkhana.

Amene amalipira osalembedwa pa bilu

Tiyerekeze kuti zonse zatheka, ndalama zapezeka, makina afika. Walira mvula walira matope. Msewu wotsekedwa miyezi itatu ndi miyezi itatu imene lole singafike pakhomo, kasitomala akudutsira kwina, fumbi likulowa m'katundu, lendi ikuyendabe. Sitolo yaikulu ikhoza kupirira. Mayi wogulitsa zovala m'kachipinda ka mamita awiri sangapirire.

Pali njira zochepetsera ululuwu, ndipo zonse zimayenera kulembedwa mu kontirakiti ntchito isanayambe: kugwira mbali imodzi ya msewu ina ili yotsegula, kumaliza chigawo chimodzi musanakumbe china, kuika timilatho ta matabwa pakhomo pa mashopu, kupatula maola otsitsira katundu, kugwira ntchito usiku. Chilichonse mwa izi chimakweza mtengo, ndiye chimakhala choyamba kuchotsedwa ndalama zikachepa. Makombi ndi mavenda nawo ayenera kupatsidwa kopita kumene kuli anthu. Mu February 2018 analetsa makombi kulowa m'kati mwa tauni, anthu anayenda mitunda italiitali wapansi, kunabuka chisokonezo, ndipo lamulolo linachotsedwa pasanathe masiku ambiri. Wokwera kombi ndiye kasitomala wa kumunsi kwa tauni. Mukamusamutsa mwasamutsa msika.

Nthawi zambiri pamamveka ganizo lakuti eni mabizinesi asonkhe okha, kapena khonsolo iike msonkho wapadera pa nyumba za m'mbali mwa msewuwo. Ganizoli lili ndi nzeru, poti msewu wabwino umakweza mtengo wa nyumba zoyandikana nawo. Koma tsatirani ndalamayo. Khonsolo ilipiritsa mwini nyumba, mwini nyumba awonjezera pa lendi ya amene anabwereka nyumba yonse, iyeyo agawira timashopu take. Wa kashopu alipira msonkhowo, ataya malonda nthawi ya ntchito, ndipo msewu ukatha lendi ikweranso chifukwa malo akongola. Telala wina wachikulire wa ku Highfield, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anandiyankha mwachidule titakamba zimenezi: "Mwanawe, msewuwo adzaukonzera amene adzalowe m'shopu muno ine nditatuluka." Sananame. Msonkho wapadera ungakhale wachilungamo pokhapokha ndalama zake zitasungidwa mu akaunti yakeyake, olipira ali ndi mpando pa komiti yoziyang'anira, ndipo obwereka timashopu akuwerengedwa, osati eni nyumba okha.

Kungosiya zinthu momwe zilili nakonso kuli ndi mtengo wake. Mabanki ndi makampani ambiri achoka kale pakati pa tauni kupita ku Borrowdale, Newlands, Msasa ndi Eastlea. Akachoka, maofesi a m'nyumba zosanja amatsala opanda anthu, mtengo wa nyumba umatsika, msonkho umachepa, ndipo ndalama zokonzera msewu zimacheperachepera.

Pamene munthu wamba angagwire

Chakumapeto kwa chaka chilichonse khonsolo imachititsa misonkhano ya bajeti m'mawodi ndi kwa amalonda, kenako bajetiyo imaikidwa poyera kwa masiku 30 kuti anthu aione ndi kulemba zotsutsa isanapite kwa nduna ya maboma aang'ono. Ambiri amene timapita timakangana za mtengo wa chiphaso cha shopu basi, tsamba la ntchito zomanga osalitsegula. Patsamba limenelo muyenera kuona ngati msewu wanu watchulidwa dzina, kutalika kwa chigawo chokonzedwacho, mtundu wa ntchito, ndi thumba limene ndalama zidzachokere. Mzere wongoti "kukonza misewu" ndi chiwerengero chachikulu pambali pake sulonjeza kanthu kwa aliyense. Pakalembedwa kuti ndalama zidzachokera ku ZINARA kapena ku 5 peresenti ija, funsani khansala kuti chaka chatha analonjezedwa zingati ndipo zinafika zingati.

Ntchito ikayamba, chikwangwani cha pamalopo chimayenera kuonetsa mwini ntchito, kontirakitala, injiniya woyang'anira ndi nthawi yomalizira. Makontirakiti a misewu nthawi zambiri amasunga gawo la malipiro, 5 kapena 10 peresenti, mpaka patadutsa miyezi 12 ntchito itatha, ndipo cholakwika chilichonse chotuluka m'nthawi imeneyo kontirakitala amachikonza ndi ndalama zake. Mng'alu kapena chithaphwi chooneka dzinja loyamba chiyenera kukanenedwa ku khonsolo molemba, ndi chithunzi ndi deti, miyeziyo isanathe. Ikatha, ndalama yosungidwayo imaperekedwa, ndipo dzenjelo limabwerera pa bajeti ya khonsolo.